Nsapato Imodzi M'manja

Magetsi anazima ku Chawama dzuwa lisanalowe,
ndipo Zelipa anali asanabwere.
Ndinakhala pakhonde ndi kandulo
ndikunola mawu ngati mpeni pasimenti.
Ndinawasanja: awa ndiyambira, awa ndimalizira,
ndipo akuthwa kwambiri ndinabwereka
kwa malemu bambo anga.

Lamulungu lapitalo abusa analalikira za lilime,
kuti khutu lizitsogola, pakamwa pazitsatira.
Ndinavomera mokweza, ine mkulu wa mpingo,
tayi ali pakhosi.
Ameni sakhala wolemera m'tchalitchi.

Teni koloko geti linalira.
Analowa, fumbi mpaka m'mawondo,
nsapato imodzi m'manja, yoduka lamba.
Mkwiyo unali utafika kale pammero.
Chimene chinandigwira sindichidziwa,
kaya Mzimu, kaya nsapato ija.
Ndinangoti, "Khala pansi. Ndikumva."

Mayi wina, akuti, anagwa pasiteshoni ya Kulima,
anthu n'kumamulumpha ngati chithaphwi,
makondakitala akukuwabe Matero, Matero.
Iye anamukweza takisi mpaka kuchipatala
ndi ndalama yake ya basi,
nadikira kufikira achibale atabwera.
Kenako anauyamba wapansi. Foni inali itathima.

Mawu anga aja ndinawameza onse,
owawa ngati kwinini wopanda madzi.
Ndinakoleza mbaula, ndinatenthetsa madzi m'ketulo,
ndinamuikira beseni kumapazi.

Ambuye, Inu amene mumandimvetsera usiku uliwonse
osandidula pakamwa,
mwana uyu sadziwa chimene chinatsala pang'ono kumugwera.
Tikudziwa ndi awiri, Inu ndi ine.
Mawanso mundigwire.