Nyerere Zinadziwa Kale

Zinayamba kudziwa ndi nyerere.
Kuseri kwa nyumba yathu ku Matawale,
pamene Twaibu ankakodza usiku poopa mdima wa kuchimbudzi,
m'mawa zinkadzaza ngati tsiku la msika.
Ndinkangothirapo phulusa, n'kupita kukatsegula okala.

Khosi lake linada kumbuyoku.
Amake analikhula ndi chinkhupule, kenako ndi mwala,
akukalipa kuti mnyamata wa sitandade sikisi
sadziwa kusamba.
Litsirolo silinachoke. Silinali litsiro.

Ndinene zoona, womudyetsa ndinali ine.
Ndinakulira ku Namadidi
kumene shuga tinkamulawa pa Idi ndi pa sadaka,
ndiye ndinalumbira kuti wanga
sadzayang'ana m'kamwa mwa mwana wa mnzanga.
Akaweruka, mandasi awiri ndi chozizira cha m'botolo.
Akakhoza masamu, chipisi cha pachiwaya.
Akalira, switi.
Akapanda kulira, switi.
Kusukulu wakabaza amunyamule, miyendo ingatope;
masana onse ali kuseri kwa kauntala, foni yanga m'manja.
Ogula ankati, "Koma uyu akudya bwino!"
ine mtima uli myaa.

Kenako ludzu losamva madzi.
Kudzuka kanayi usiku umodzi.
Kabala kopunthwa pamwala
kanatha mwezi kali yasa.
Aphunzitsi analemba m'kope:
amasinza, akuti pabolodi akuona nkhungu.

Ku Chipatala Chachikulu mayi Makawa anamubaya chala,
kadontho kamodzi,
kamakina kanaphethira n'kuonetsa nambala.
Ndinatsutsa: shuga si ya akuluakulu kodi?
Anati, "Ilipo ina yogwera mwana popanda wolakwa,
koma iyi yalowera m'mbale ndi pampando.
Bambo, bweretsani chala chanu."

Yanganso inali itaima pakhomo, ikugogoda.

Tiyi tinayamba ndi sipuni imodzi. Pano palibe.
Twaibu anandinyanyala masiku atatu,
la chinayi anadya bonongwe ndi nyemba
nkhope ili gwa, ngati akumwa kwinini.
Mankhwala ake ali pawindo,
tsiku lobwerera kuchipatala ndinalemba pachitseko ndi khala.

Loweruka timakwera msewu wa kuphiri,
iye patsogolo, ine kumbuyo ndikupuma ngati mvukuto.
Amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni amatiseka,
anthu awiri okwera phiri osasenza kanthu.
Poyamba tinkabwerera pa khona yachiwiri.
Sabata yatha tinamva Mulunguzi akulira m'miyala,
anakhala pansi, anasenda gwafa ndi mano,
anandigawira theka.

Maswiti ndimagulitsabe, sindinama, lendi sadikira.
Koma botolo lake ndinalikweza pashelefu yapamwamba,
pakauntala pali nthochi za ku Thondwe ndi mtedza.
Mwana akabwera kachitatu ndi ndalama yotuluka thukuta m'manja
ndimamufunsa dzina la bambo ake.

Dzulo ndinazungulira kuseri kuja.
Nyerere zinalipo, mzere umodzi,
zitasenza phiko la ngumbi,
zikupita kwina.