Chitseko cha Chipinda Chozizira

Ku City Deep, kusanache,
ndimatseka chipinda chozizira ndi phewa
chifukwa dzanja lokha silikwana.
Makoma ake ngochindikala ngati matiresi atatu.
M'kati muli mapichesi, mabokosi mazana anayi,
ndipo ndinkayesa kuti ndikakhoma
ndiye kuti dziko latsala panja.

Makhubela, wokonza makina, anaseka.
"Ngati palibe cholowa,
injiniyi ikulirira chiyani usiku wonse?"
Anandigwiritsa mphira wa m'mbali mwa chitseko:
unali ndi thukuta.
Kutentha sikuodira.
Kumadzera m'misomali, m'simenti ya pansi,
pang'onopang'ono ngati ngongole ya katapila.

Tsiku lomwe magetsi anazima maola asanu ndi limodzi
sitinatsegule ngakhale kamodzi.
Kasingano ka geji kanakwera kokha,
ndipo mapichesi mumdimamo
anapitiriza kupuma, kupsa.

Ndinafunsa: bwanji khoma lina kunja kwa ili,
mpweya wa pakati n'kuupopa wonse
monga fulasiki yanga?
Anati: nanga tiyi wako pofika teni koloko?
Anati: ngakhale utapambana,
dziko lidzakokerabe bokosi lililonse pansi,
mwezi n'kumalinyamula pang'ono,
ndipo migodi yakale ikatembenuka m'tulo pansi pathupa
mashelefu amanjenjemera.
Iwenso posuzumira kuti uone ngati zatheka
walowetsa nyali.

Sindinamuuze za chipinda changa ku Rosettenville.
Zaka zinayi: maloko awiri, nyuzipepala m'ming'alu,
nambala yatsopano imene sindinapatse wa ku Ntcheu aliyense.
Ndinati muno simulowa uthenga wa maliro,
simulowa pempho, simutuluka kanthu.
Koma khoma limafunda madzulo
mayi wa kuseri akayatsa mbaula,
mwana wake akatsokomola ndimadzidzimuka,
ndipo dzulo m'takisi ya ku Bree
wina anapondedwa n'kudandaula m'chinenero chathu,
ine n'kuti pepani
pakamwa pasanandifunse.

Mwina chilengedwe chonse pamodzi
ndicho chilibe kunja.
Mwina. Koma ndani anaima kuseri kwake
n'kugwira khoma, kumva ngati likufunda?

Hafu pasiti folo. Malole afika,
wina akuimba hutala ngati ndamubera.
Ndikoka chitseko.
Nkhungu yoyera ikutuluka, ikundizinga m'mawondo,
ndipo fungo la dizilo likulowa
kukagona pa mapichesi.