Mpweya Wosungitsa

Afika cha m'ma 2 koloko usiku,
m'bokosi labuluu longa la asodzi a kudoko,
atauluka kuchokera ku Kiruna
kumene mwezi uno dzuwa silituluka n'komwe.

Mwini wake sindimudziwa, lamulo sililola.
Pepala langoti: mwamuna, zaka makumi anayi,
fodya sankamulawa.
Ndamutcha Torgny, kuti ndisamangoti "awa."

Anzathu a kumpoto anawatsuka ndi madzi ozizira a mankhwala
mpaka magazi onse anatha,
anawauzira mpweya pang'ono
n'kumanga kholingo ndi tizitsulo.
Ndiye kuti ulendo wonsewu, pamwamba pa nkhalango ndi chipale,
mapapowa angougwira mpweya umodzi womwewo
ngati mwana wobisala kuseri kwa chitseko.

Kale tinkangowakwirira m'ayezi n'kumapikisana ndi wotchi.
Majken, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ankati
ayezi ndi mlezi wankhanza:
mwana amamugoneka inde, koma akumutsina.
Bokosi la lero limaima pa madigiri khumi,
kuzizira kogonetsa, kosaluma.

Ndawayala pansi pa chivundikiro choonekera,
paipi iyi kumtsempha, iyi kukholingo.
Makina ayamba kukankha madzi ofunda,
pang'onopang'ono, poti wogona sadzutsidwa ndi mbama.
Kenako ndatsegula mpweya.

Afufuma.
Aphwa.
Afufumanso.
Popanda nthiti, popanda chifuwa, popanda womva kukoma kwake.
Zaka khumi ndi zinayi ndili pano
koma pamenepa ndimaiwalabe kupuma ineyo.

Lakumanzere landidetsa nkhawa:
m'munsi mwake mwada, mwalemera madzi.
Ndalisisita ndi zala ziwiri,
ndalemba manambala, ndamwa khofi wozizira,
ndalembanso.

M'chipinda cham'mwamba muli mayi Gunnel.
Ankaphunzitsa kwaya kusukulu ya ku Majorna.
Zaka zitatu tsopano sanamalizepo chiganizo ndi mpweya umodzi.
Amuna awo akhala pakhonde, chikhoti cha mayiwo chili pamiyendo,
akupinda, akufunyulula.
Awauza kuti mwina. Mawu akuti mwina ndiwo tili nawo ambiri.

Ola lachitatu, kuda kuja kwayamba kufuwira.
Lachinayi, dokotala Hedlund walowa tsitsi lili nyankhalala,
wadina ndi chala, mnofu wabwerera,
wayang'ana pepala langa nthawi yaitali kuposa mmene ndikanafunira.
"Tiwatenga."
Basi, watuluka kukasamba m'manja.

Ndawaziziritsanso, ndamanganso kholingo.
Gwira mpweya komaliza, Torgny,
kwatsala nsanjika ziwiri zokha.

Kunja Göteborg sikunache.
Ndaima podikirira sitima ya mumsewu, manja m'matumba,
nthunzi ikutuluka m'kamwa mwanga,
yoyera, yambiri,
ikungotayika.