Mphindi Makumi Anayi

Andipatsa mphindi makumi anayi,
Lachinayi masana, ana atakhuta kale,
m'holo motentha ngati pansi pa malata mu Okutobala.
Pa ndandanda alembapo kuti: Kukaona laibulale.
Kukaona.
Ngati kuti ndi phiri la Michiru.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili pano, ine Tiyesere Nkhwangwa.
Ena amati mayi wa mabuku,
ena mayi wa "chete uko",
wina pa msonkhano, dzina langa litamuthawa,
anangoti "aja osunga makiyi aja".

Ndimayamba ndi funso:
ndani mwa inu anagulapo foni ku Limbe osaiyatsa?
Phwete.
Ndani anatola malaya pa kaunjika
osayang'ana m'khwapa, osaunika padzuwa?
Wina kumbuyo: "Ndine wa ku Bangwe ine, sandiponda!"
Nanga bwanji, mwana wa ku Bangwe,
nkhani ikakupeza pa foni
umameza ndi minga yomwe?

Walemba ndani? Liti?
Wamulipira ndani?
Iyeyo anazimva kuti?
Ndisanafike pa funso lachisanu, magetsi thii.
Jenereta ilibe dizilo chiyambire Lolemba.
Ndimalizitsa ndi choko,
theka la holo litatuluka kale kukasaka netiweki.

Lachiwiri lotsatira, msonkhano wa bajeti.
Ndanyamula mapepala atatu:
ndikupempha phunziro la semesita yathunthu, lokhala ndi mayeso ake.
Wapampando ayang'ana wotchi.
"Mayi, masiku ano zonse zili pa intaneti."
Eya, bwana. Mumtsinje wa Mudi mulinso madzi.
Sindinanene. Ndinangomeza malovu.
Nkhani yanga aikankhira ku "zina ndi zina",
pansi pa matayala a basi ya koleji.
Magazini a kafukufuku aja atitsekera mu Juni,
ndalama zakunja sizikupezeka, akutero.

Kenaka Sekerani Mbalame, chaka chachinayi,
maso ofiira, mlomo wouma,
pepala lopindika m'manja.
Sabata ziwiri akufunafuna buku
lomwe makina oyankha mafunso anamutchulira:
dzina la wolemba lilipo, chaka chilipo,
tsamba 214 ndithu.
Tafufuza tonse mpaka mlonda wagogoda pa windo.
Kulibe buku lotero, mwanawe.
Silinabadwe.
Iye duu, kenaka misozi:
mutu wonse wachiwiri anaumanga pa ilo.

Ndamukokera mpando.
Tayambira pa mawu atatu ofufuzira,
kuchotsa limodzi, kuwonjeza lina,
mpaka tapeza lipoti lakale la zitsime za ku Chilomoni,
lachikuto chong'ambika, pa shelefu ya pansi penipeni
pomwe palibe amawerama.
Walinunkhiza. Sindikudziwa chifukwa chake.

Mwezi usanathe, Dokotala Namakhwa,
amene anaseka nawo pa msonkhano paja,
alowa mu ofesi, atseka chitseko bwinobwino.
"Mayi Nkhwangwa, magazini ina yandilipiritsa madola mazana atatu,
koma pepala langa silikuoneka paliponse."
Ndikanatha kuseka.
Ndawapatsa mpando womwewo.

Izi sizilowa mu lipoti la pachaka.
M'menemo amafuna nambala:
alowa angati, abwereka angati, asowa angati.
Palibe mzere wolembapo
mwana amene waphunzira kukayika.

Madzulo, minibasi ya ku Chirimba, anayianayi,
bambo wina akutiseweretsera uthenga wa pa foni:
akuti masamba a mtengo wakutiwakuti amathetsa shuga m'masiku atatu.
Anthu akugwedeza mitu, wina akupempha amutumizire.
Ine ndatopa, chikwama chili pamiyendo, ndangoti ziii.
Ndiye kumbuyo, pafupi ndi thumba la makala,
mawu a mtsikana amene sindikumuona nkhope:
"Pepani bambo, wanena zimenezo ndani?
Iyeyo anazimva kuti?"

Sindinacheuke.
Kondakitala anachita kundigwedeza phewa
kuti ndilandire chenje changa.