Madola Khumi ndi Awiri pa Tsamba

Ndinayamba ndi labala.
M'chipinda cham'mwamba ku Manhattan, momwe utsi wa ndudu unkabisa wotchi,
ntchito yanga inali kufufuta pensulo ya anthu ena
inki ikauma,
kenako kusesa nyenyeswa zomwe zinkagwa ngati utuchi.
Bambo anga, telala wa ku Bronx, anangopukusa mutu:
Wendell, zithunzi sadya.

Miyezi isanu ndi umodzi ndikulemba mabokosi okhaokha.
Kenako anandilola mawindo, njerwa, mvula,
khamu la anthu othawa lomwe palibe amaliyang'ana.
Nkhope anandipatsa chaka chachitatu.

Madola khumi ndi awiri pa tsamba.
Masamba atatu pa tsiku ndikafuna lendi,
anayi mwana akadwala.
A Halloran ankaima kumbuyo kwanga akutafuna ndudu yozima:
Chibakera chikule, Pruchnik! Chituluke m'bokosimo!
Ndinkachikulitsa.

Mlonda wa Pamlatho ndinamubala usiku wina wa Febuluwale,
chipale chofewa chitatseka sitima,
Loretta atagona ndi khoti m'bulangete.
Ndinamupatsa chibwano cha bambo anga
ndi manja awo omwe, zala zokhota ndi sizasi.
Munthu wonyamula galimoto ndi dzanja limodzi
ali ndi zala za telala,
ndipo palibe anazindikira.

Kuseri kwa cheke kunali chidindo cha timalemba tating'ono:
ukasaina kuti ulandire, mwana si wakonso.
Ndinawerenga. Sindinganame kuti sindinawerenge.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno,
ndinasaina, tinagula malasha.

Chinafika chaka chomwe makolo anaunjika timabuku tathu pabwalo la sukulu
nathira parafini, amvekere tikuwononga ana.
Ndinaima kutsidya kwa msewu, chipewa chili m'maso.
Pepala lotchipa limayaka bwino.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndinajambula mafiriji
ndi amayi omwetulira atanyamula sopo.
Aneba akafunsa ndinkati ndimagwira ku kampani ya zotsatsa.

Atandiitananso ndinapeza anyamata atsitsi lalitali
akujambula Mlonda wanga ndi minofu yomwe thupi lilibe.
Manja anali atamusintha.
Ndinafunsa za masamba anga akale, zikwi zinayi ndi kanthu.
Mnyamata wa kunkhokwe anakanda mutu:
ena anayala pansi paipi itaphulika,
ena anapita ndi alendo,
ena, mwina, mbewa.

Filimu yake ndinakaonera ku Trenton, tikiti yogula ndekha,
mtengo wa okalamba.
Ndinakhala mpaka magetsi atayaka, maina akukwera,
wophika tiyi, woyendetsa lole, wosamalira agalu.
Mnyamata wosesa anandidikira mwaulemu, tsache m'manja.

Lero andikhazika patebulo lopinda m'holo yaikulu ku Ohio,
pakati pa wogulitsa zidole ndi khomo la kuchimbudzi.
Akuluakulu adutsa atavala zovala za ngwazi, mimba zili panja.
Ndiye wabwera mayi uyu, nesi wa ku Toledo,
ndi kabuku kong'ambika, kamadontho a supu.
Akuti anaphunzirira kuwerenga pamenepo,
kuchipatala, mwendo uli m'chikhakha.
Akuti, bwanji manja ake ankaoneka otopa?

Ndavula magalasi, ndawapukuta nthawi yaitali.

Dzanja langa tsopano limanjenjemera ngati la munthu wakuba,
supuni imagogoda mano.
Koma burashi ikakhudza pepala
pamakhala kamphindi, kochepa ngati kampata koyera
ka pakati pa bokosi ndi bokosi,
komwe chibakera chanyamuka koma sichinafike,
pomwe dzanja limaiwala zaka zake.

Ndamujambulira dzanja lokha,
chala chachikulu chili ndi chipsera cha singano.
Wafunsa mtengo.
Ndati madola khumi ndi awiri,
ndipo waseka, akuyesa nthabwala.