Chindapusa

Ndaona wabwera ndi kakalata kopindapinda:
makwacha mazana awiri.
Mlandu wake, anati "ndaphonya" pa nthawi ya masamu,
pomwe lamulo likuti Chichewa chizitsala pa geti
ngati matope a ku nsapato.

Ndalamayo ndinakapempha kwa abwana, a Sumuro,
m'sitolo ya nsalu kufupi ndi depoti ya Kasungu
momwe ndadula zitenje zaka khumi ndi zinayi.
Kabati sanatsegule msanga.
Anaika sizasi pansi.

"Iwe ukulipira poti mwana akudziwa chinenero chako.
Wanga Marvi, agogo ake akaimba kuchokera ku Sindh,
amangoti eee, eee,
n'kundibwezera foni ngati mbatata yotentha.
Chingerezi ndinamugulira ndekha, teremu ndi teremu.
Chichewa anachitola chaulere kuseri kuno
posewera fulaye ndi ana a telala.
Chisindi chatsalira m'kamwa mwanga,
ndimangowerengera ndalama usiku."

Ndinafuna kuseka, phwete linakana,
pakuti sukuluyo ndinasankha ndine,
njinga ndinagulitsa ndine,
kuti Ndaona asadzakalambe akudula nsalu za eni.

Madzulo, phiri litameza dzuwa,
ndinamufunsa pakhonde:
zisanu ndi ziwiri kuchotsapo zitatu?
Anapinda zala, milomo ikuyenda yopanda mawu,
nacheukira kuchitseko
ngati aphunzitsi abisala kuseri kwake,
kenaka anandinong'oneza kukhutu:
"Zinayi, ababa.
Koma musakandinenere."