Khutu la Atate

Njinga yamoto tinaiika m'kachipinda ka kuseri mu Meyi,
sabata lomwe dzanja lamanja la atate linagona
osadzukanso.
Tinaifunditsa chitenti chakale,
matumba a mpendadzuwa n'kuitsamira m'nthiti.
Juni anadutsa ndi chisanu chotsika ku Kanjala,
Julaye naye, milomo yathu ili ming'alu yokhayokha,
iyo ili duu mumdima.

Lero ndi Ogasiti, mphepo ikuzunguza mapepala mu Mchini.
Kalata ya chipatala cha Mwami ikuti Lachinayi,
ndipo wa takisi watchula mtengo
woti amayi angoseka n'kulowa m'nyumba.

Ndaitulutsa ndekha, ikukana ngati ng'ombe yoona dibi.
Atate ali pakhonde, bulangete m'miyendo,
pakamwa papotokera kumodzi.
Chiyambire Meyi sanatulutse liwu.

Ndaponda kiki. Zii.
Ndapondanso. Yatsokomola kamodzi
ngati munthu wofuna kuyankhula pamsonkhano
kenako n'kusintha maganizo.
Kakhumi, kakhumi n'kasanu,
patapata waduka, thukuta likuwawa m'maso.

Yotamu wa pagolosale wafika akutafuna nzimbe.
“Batire iyo, Zelipa, inafa kalekale.”
A Shawa aimika wilibala, akuti ndi pulagi.
Kamwana kasukulu kakuti tiikankhe kumtsetse.
Wina kuseri kwa mpanda, sindinamuone nkhope,
akuti njinga imadziwa phazi la mwini wake.

Atate agogoda ndodo pasimenti, kamodzi,
aloza thanki ndi chibwano.
Ndatsegula, ndanunkhiza:
petulo wa Meyi wasasa, akumveka ngati penti.
Ndamukhuthulira m'chigubu, wofiirira ngati tiyi wogona,
Yotamu wathamangira watsopano
ndi ndalama ya ndiwo zamawa.

Pulagi ndaimasula ndi sipanala yopindika ija,
ili bii ndi mwaye.
Ndaipala, ndaipukuta ndi nsonga ya chitenje,
ndaikhudzitsa ku injini monga ndinkaonera ndili mwana,
ndaponda:
kamoto kabuluu, chiphaniphani cha masana.
Moto ulipo. Mafuta alipo.
Ndaponda ndi mtima wonse.
Thu, thu, kenako yabanika.

Anthu ayamba kubalalika.

Atate atseka maso, apendeketsa mutu.
Khutu limenelo layenda nayo zaka makumi awiri,
ku Chadiza, ku Vubwi, m'matope a Febuluwale,
bokosi la katemera wa ng'ombe lili kumbuyo.
Akweza dzanja lamanzere, lamoyo lija,
aligwiritsa pakhosi pawo,
apuma mobanika, dala, akundiyang'ana.

Mpweya.

Masikuluwu atatu a kabokosi ka m'mbali,
limodzi ladzimbiri, ndalitokosa ndi mpeni wa kukhitchini.
M'katimo khoswe anamanga banja:
thonje lakuba, makoko a mtedza,
nsanza ya duku lomwe amayi anafunafuna mpaka kutinamizira,
siponji yosefa mpweya yadyedwa theka.
Anabereka, analera, anasamuka,
lendi osalipira.

Ndakokolola zonse ndi zala.
Ndauzira. Fumbi landibwerera kumaso.
Ndatseka, ndaika phazi lopanda nsapato pachitsulo chozizira,
sindinayang'ane aliyense.

Yadzuka.
Utsi woyera wadzaza bwalo, nkhuku zamwazikana,
malata a bafa akunjenjemera,
amayi atuluka ndi thovu la sopo m'manja,
wa kuseri kwa mpanda uja wangoti zii.
Injini ikukuwa mopitirira, ikudzing'amba,
ine ndangogwira zogwirira, ndikuseka ngati chitsiru.

Ndiye pansi pa phokoso lonselo ndamva kanthu,
kolemera, kotuluka mbali imodzi ya kamwa.
Ndatembenuka.
Mitsempha ya pakhosi pa atate yaima,
ayesanso, ayesanso kachitatu.

Miyezi itatu ndakhala ndikudikira dzina langa.
Silinali dzina langa.

“Tchoki.”

Ndawerama, ndabweza kachitsuloko.
Injini yatsika mawu, yayamba kupuma bwino,
thu, thu, thu,
ndipo atate agwedeza mutu kamodzi
monga ankachitira ng'ombe yodwala ikayambanso kudya.